Sukulu ya ku Ås ndi makala a zitsononkho

Ambiri a ife tinamvapo za kuthira makala opera m'maenje a gamphani, koma amene anayesa nzeruyi m'minda ya kuno sitiwachula kawirikawiri. Ena a iwo anacokera ku Norwegian University of Life Sciences, yunivesite ya ku Norway imene mwacidule ichedwa NMBU.

Inayamba mu 1859 monga sukulu ya zaulimi pa Ås, kum'mwera kwa mzinda wa Oslo, yokhala ndi munda ndi makola ake. Inakhala koleji mu 1897, yunivesite mu 2005, ndipo mu 2014 inaphatikizana ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya ku Oslo. Madokotalawo anasamukira ku Ås mu 2021. Nthambi ina ili ku Sandnes, kumene afufuza makamaka matenda a nkhosa.

Mbiri yake inamveka kwambiri pa kusankha mbeu ya ziweto. Pulofesa Harald Skjervold anatsogolera nchito yokonza ng'ombe za mkaka za Norwegian Red, ndipo ca m'ma 1970 anatengera njira yomweyo ku nsomba za salmon. Maziko ake anali zolemba za alimi wamba: mkaka wa ng'ombe iliyonse, kubereka kwake, matenda ake. Ife amene timanyozera kabuku ka m'khola tiyenera kucita manyazi pang'ono.

Koma cimene citikhudza mwacindunji ndi makala aja. Akatswiri a nthaka a ku Ås, pamodzi ndi anzao a ku Norwegian Geotechnical Institute, University of Zambia ndi Conservation Farming Unit, anaocha zitsononkho za cimanga mopanda mpweya wambiri, napera makalawo, nawathira m'maenje pamodzi ndi feteleza. Zotsatira za malo asanu zinafalitsidwa mu 2013. Ku Kaoma, kumene nthaka ndi yamcenga ndiponso ya asidi, cimanga cinaculuka kangapo. M'minda ina ya nthaka yolemererapo kusiyana kunali kocepa, mwina kosaoneka konse.

Cifukwa cake n'comveka. Mcenga umataya madzi ndi cakudya ca mbeu msanga, pamene makala, pokhala ndi timabowo tosawerengeka, amasunga zonsezi pafupi ndi mizu, nacepetsanso asidi. Dothi logwira bwino limacita kale nchito imeneyo palokha. Makalawo sanalowe m'malo mwa feteleza. Anangothandiza kuti asapite pacabe.

Vuto lili pa kuculuka kwake. Pa kuyesako anafika pa matani 4 pa hekita imodzi, ndipo zitsononkho za munda umodzi sizingatulutse makala otere m'caka cimodzi. Kugwetsa mitengo kuti muyeso ukwane sitikuvomereza. Amene muli pa nthaka yamcenga, sungani zitsononkho mukatha kukonola, muthire mizere yocepa caka ciliconse. Amene muli pa katondo, yambani ndi mizere iwiri yokha, muikolole payokha, ndi kulemba zimene mwapeza kuti tidzaziyerekezere pa msonkhano wa ophunzira akale.