Kukonzekera Mliri wa Chimfine: Zimene Zinachitika ku America mu 1976

Boma lililonse limayembekezeka kukhala ndi chikonzero cha zimene lidzachite tsiku limene mliri wa chimfine udzagwe. Ambiri a ife timayesa kuti chovuta pa chikonzero chotere ndi ndalama, mankhwala ndi mabedi a m'zipatala. Zimenezi nzofunika ndithu, koma pali chovuta china chozama, chimene ife amene tinaphunzirako filosofi tiyenera kuchizindikira msanga: akuluakulu a boma amaumirizidwa kugamula pa nthawi imene iwo sadziwa ngati mliriwo udzabweradi. Zimene zinachitika ku America m'chaka cha 1976 zimaonetsa bwino chovuta chimenechi, ndipo ndizo tifuna kulongosola pano.

Tiyambe ndi nthenda yeniyeniyo. Chimfine chimene tikunena si chija cha m'mphuno chimene chimatha pakapita masiku atatu ayi, koma cha kachirombo kotchedwa influenza, chimene chimadza ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'mafupa, ndipo kawirikawiri chimatsegulira njira chibayo. Kachiromboka kamasintha mwa njira ziwiri. Chaka ndi chaka kamasintha pang'ono chabe, kotero kuti matupi athu amakazindikirabe, monga momwe timazindikirira mbale wathu ngakhale atavala malaya ena. Koma nthawi zina mtundu wachilendo umalowa mwa anthu kuchokera ku mbalame kapena ku nkhumba, mtundu umene matupi a anthu ambiri sanakumanepo nawo. Umenewo ukayamba kudumpha mosavuta kuchoka kwa munthu kunka kwa mnzake, ndiye kuti mliri wa dziko lonse lapansi wayambika. Miliri yotere inagwa mu 1918, mu 1957, mu 1968 ndi mu 2009. Wa 1918 ndiwo unali woopsa koposa: ku America kokha unapha anthu pafupifupi 675,000, ambiri a iwo anyamata ndi atsikana a misinkhu yamphamvu.

Tsono katemera wa chimfine sapangika tsiku limodzi. Wambiri amapangidwa pomeretsa kachiromboko m'mazira a nkhuku okhala ndi mluza, ndipo kuchokera tsiku limene mtundu watsopano wadziwika kufikira tsiku limene mabotolo oyamba atuluka m'fakitale pamapita miyezi pafupifupi 6. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Boma limene liyembekeza kuona maliro lisanayambe kupanga katemera lachedwa kale. Boma limene liyamba maliro asanaoneke lingathe kutayira chuma cha dziko pa mdani amene sadzafika konse.

Kuchiyambi kwa chaka cha 1976, asilikali achinyamata anayamba kudwala pa msasa wa Fort Dix m'chigawo cha New Jersey, ndipo mmodzi anamwalira m'mwezi wa Febuluwale. Atapima, akatswiri anapeza kuti ena mwa odwalawo anali ndi kachirombo ka chimfine cha nkhumba, kamene pa nthawiyo kankaganiziridwa kuti nkachibale wa kaja ka 1918. Magazi a asilikali anaonetsa kuti oposa 200 anakatenga. Kunja kwa msasawo sikanapezeke kakufalikira. Komabe mantha anali ndi maziko ake, pakuti kachiromboko kanali katayenda kuchoka kwa munthu kunka kwa munthu. Panalinso chiphunzitso chimene akatswiri ena ankachikhulupirira, chakuti miliri ya chimfine imadza pakapita zaka pafupifupi 11, ndipo poti wotsiriza unagwa mu 1968, wina unali pafupi. Lero tidziwa kuti chimfine sichisunga kalendala.

M'mwezi wa Malichi, David Sencer, mkulu wa likulu lolimbana ndi matenda la CDC ku Atlanta, analemba chikalata cholangiza kuti boma ligule katemera wokwanira anthu onse a m'dzikomo ndi kuwatemera nyengo yozizira isanafike. Chikalatacho chinanena kuti mliri ungathe kudza. Koma pamene uthengawo unali kukwera kuchoka pa tebulo la mkulu wina kunka pa la mnzake, mawu akuti "ungathe" anayamba kumveka ngati "udza ndithu". Wophunzira aliyense wa chaka choyamba cha filosofi amadziwa kuti chimene chingathe kuchitika nchosiyana ndi chimene chiyembekezeka kuchitika; koma kusiyanitsa kotere nkosavuta m'kalasi, kumene palibe amene adzakufunse za mitembo ukalakwa. Pa 24 Malichi, Pulezidenti Gerald Ford, ataimirira pamodzi ndi Jonas Salk ndi Albert Sabin, akatswiri otchuka a katemera wa poliyo, analengeza kuti apempha nyumba ya malamulo madola 135 miliyoni kuti munthu aliyense m'dzikomo atemeredwe. Tisaiwale kuti chinali chaka cha chisankho, ngakhale kuti sichingakhale chilungamo kunena kuti ndicho chokha chinamukankha.

Pa komiti ya alangizi a za katemera panali dokotala wina, Russell Alexander, amene anafunsa funso limene pambuyo pake linadzatchuka ndi dzina lake. Iye sanakane kuti katemera apangidwe. Chimene anafuna kudziwa nchakuti: kodi ndi zizindikiro zotani zimene tikadzaziona, kapena tikadzalephera kuziona, tidzaleke kubaya anthu ndi kungosunga katemerayo m'nkhokwe? Anzake anayankha kuti chimfine chimathamanga kwambiri, makamaka masiku a ndege, kotero kuti katemera wokhala m'nkhokwe sangafike m'mikono ya anthu nthawi ikadalipo. Yankho limeneli silinali lopusa. Koma chotsatira chake chinali chakuti zinthu ziwiri zosiyana, kupanga katemera ndi kutemera mtundu wonse, zinamangidwa mtolo umodzi pa tsiku limodzi, ndipo panalibe tsiku loikika lakuti akuluakulu adzakhalenso pansi ndi kufunsa ngati zimene ankaopa mu Malichi zinali zikadali zoopsa mu Ogasiti.

Miyezi inapita, kachiromboko osaonekanso kwina kulikonse, ngakhale m'maiko a kummwera kwa dziko lapansi kumene inali nyengo ya chimfine. Makampani a inshuwaransi anakana kuteteza opanga katemera ku milandu, ndipo ntchito inatsala pang'ono kuima. Kenaka anthu amene anachita msonkhano mu hotela ina ku Philadelphia anayamba kufa ndi chibayo chachilendo. Ambiri anayesa kuti mliri uja wafika, ndipo mu Ogasiti nyumba ya malamulo inavomereza mofulumira kuti boma lisenze milandu yonse. Pambuyo pake zinadziwika kuti inali nthenda ina, ya bakiteriya, imene lero itchedwa Legionnaires.

Kutemera kunayamba pa 1 Okutobala. Pasanathe milungu iwiri, okalamba atatu anamwalira ku Pittsburgh atangolandira katemera pa malo amodzi. Panalibe umboni wakuti katemerayo ndiye anawapha, pakuti mukatemera mamiliyoni a okalamba, ena adzamwalira mawa lake monga akadamwalirira ngakhale osatemeredwa. Koma boma linali lisanakonzekeretse anthu kumvetsa zimenezi. Chimene chinathetsa zonse ndi nthenda yotchedwa Guillain-Barré, imene imafoola mitsempha ndi kupha ziwalo, nthawi zina mpaka munthu kulephera kupuma. Inapezeka kuti inali kugwira otemeredwa kuposa osatemeredwa, pafupifupi munthu mmodzi woonjezera mwa anthu 100,000 alionse. Mliri ukadakhalapo, ngozi yaing'ono chotero ikadalandirika. Popanda mliri, inali mtengo wolipira pachabe. Pa 16 Disembala ntchito inaimitsidwa, anthu oposa 40 miliyoni atabayidwa kale. Sencer anachotsedwa pa udindo wake chaka chotsatira.

Nduna yatsopano ya za umoyo, Joseph Califano, inapempha aphunzitsi awiri a ku Harvard, Richard Neustadt ndi Harvey Fineberg, kuti afufuze nkhaniyi, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1978. Chachikulu chimene anadzudzula si kukonzekera ayi, koma kudzimanga msanga pa zonse mwakamodzi, kukhulupirira mopitirira ziphunzitso zopanda umboni wokwanira, ndi kusaika nthawi zounikiranso chigamulo. Amene tinawerenga Thomas Aquinas tikumbukira kuti iye, potsata Aristotle, anagawa ntchito ya kuchenjera patatu: kufunsira uphungu, kuweruza, ndi kulamula kuti chichitike. Mu 1976 lamulo linaperekedwa kamodzi, ndipo uphungu ndi chiweruzo zinatsekeredwa kunja kufikira Disembala. Makolo athu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Nzoona, koma pangano labwino liyenera kunenanso chimene nkhangazo zidzachite ngati moto suoneka, kapena ngati udzera mbali imene sizinayembekezere.

Mbali ziwirizi zinaoneka ku Britain m'zaka zapambuyo pake. Mu 2009, pamene bungwe la World Health Organization linalengeza pa 11 Juni kuti chimfine chatsopano cha H1N1 chasanduka mliri wa dziko lonse, boma la Britain linauza zipatala kuti zikonzekere imfa zofika 65,000 ngati zinthu zitaipa koposa. Amene anawerengedwa kuti anamwalira nacho anali 457. Deirdre Hine, amene anafufuza za nkhaniyi mu 2010, anapeza kuti boma linachita moyenera, koma analangiza kuti mapangano ogulira katemera azikhala ndi ndime yolola boma kuchepetsa kapena kuleka kugula zinthu zikasintha. Ili ndi funso lija la Alexander, lolembedwa m'chinenero cha amalonda. Ndipo pamene Britain inatsala ndi katemera wosagwira ntchito, maiko ambiri osauka, kuphatikizapo a mu Africa muno, analandira wawo wopatsidwa mochedwa, m'chaka cha 2010.

Mu 2011 Britain inalemba chikonzero chatsopano cha mliri wa chimfine, ndipo mu Okutobala 2016 inachiyesa kwa masiku atatu m'zoyeserera zotchedwa Exercise Cygnus, zimene zinaonetsa kuti dzikolo silikanatha kupirira mliri waukulu. Mliri unadzadi mu 2020, koma sunali wa chimfine. Chikonzero cha 2011 chinamangidwa pa ganizo lakuti kufalikira kwa nthenda sikungaletsedwe, kotero chinasamala za kuchiza odwala ndi kuika akufa kuposa za kutchinga nthendayo. Mu Julayi 2024, Heather Hallett, amene anatsogolera kafukufuku wa boma pa za Covid-19, anagamula kuti dziko lake linakonzekera mliri wina, osati umene unabwerawo, ndipo analangiza kuti zoyeserera zotere zizichitika kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, zotsatira zake nkumalengezedwa poyera.