Luso lolemba Chingerezi lifunika kuphunzitsidwa mwandondomeko

Wophunzira wa Fomu 4 angathe kukhoza bwino masamu, sayansi ndi zaulimi, koma akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Malamulo a bungwe loyendetsa mayeso la MANEB amafuna kuti wophunzira akhoze maphunziro osachepera asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Pamayesowa wophunzira amayenera kulemba chimangirizo ndi chifupikitso, zomwe zimafuna kuti afotokoze yekha maganizo m'ziganizo zomveka.

Nkhaniyi ikukhudzanso ogwira ntchito m'boma, pakuti makalata, malipoti ndi mfundo za misonkhano m'maofesi zimalembedwa m'Chingerezi. Mwana amene lero akuvutika kulumikiza ziganizo ziwiri ndi yemweyo amene mawa adzafunika kulemba lipoti la chitukuko cha dera lake.

Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi adadzaza, ndipo kuchonga makope a ana ambiri chotero kudakhala ntchito yolemetsa. Zikatere, njira yapafupi kwa mphunzitsi imakhala kulemba pabolodi kuti ana akopere. Komatu kukopera si kulemba. Mwana angadzaze kope lonse ndi mawu a aphunzitsi ake osapangapo chiganizo chakechake ngakhale chimodzi.

Zolakwa zambiri za ophunzira zimachokera pa kusiyana kwa ziyankhulo ziwirizi. M'Chichewa mlowam'malo "iye" amaimira mwamuna ngakhalenso mkazi, choncho mwana amasokoneza "he" ndi "she". Timawu "a" ndi "the" mulibe m'Chichewa, n'chifukwa chake ana amatisiya kapena kutiika pamalo posayenera. Maphatikizo a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, monga m'mawu obwereka akuti "buku" ndi "sukulu", ndipo chizolowezichi chimalowerera m'kalembedwe ka Chingerezi. Kusinthanitsa "l" ndi "r" nakonso kumasintha tanthauzo, monga pa mawu akuti "pray" ndi "play". Mphunzitsi wodziwa gwero la zolakwazi amaziphunzitsa mwapadera, m'malo mongodzaza kope ndi inki yofiira.

Njira yothandiza ndi yophunzitsa kulemba m'magawo. Poyamba ana amakambirana mutu womwe akuudziwa bwino, monga kukolola chimanga kapena tsiku la msika, ndipo sikulakwa kuyamba kukambiranako m'chiyankhulo chawo. Kenaka mphunzitsi amalemba nawo ndime imodzi pabolodi, akuwafunsa chiganizo choyenera kutsogola ndi chomwe chitsatire. Pambuyo pake aliyense amalemba ndime yake, kusinthana makope ndi mnzake, kukonza, n'kulembanso kachiwiri. Kulembanso kumeneku ndiko kumakhwimitsa luso, koma kumafuna nthawi, choncho n'kosavuta kukulumpha pofuna kumaliza silabasi.

M'kalasi ya ana ochuluka mphunzitsi sayenera kuchonga cholakwa chilichonse. Akhoza kusankha chinthu chimodzi pa sabata, monga zizindikiro za m'kalembedwe kapena nthawi za aneni, n'kulimbikira pamenepo. Ndime yaifupi yolembedwa kawirikawiri imapindulitsa kuposa chimangirizo chachitali cholembedwa kamodzi pa teremu.

Lamulo la zamaphunziro la m'chaka cha 2013 lidakhazikitsa Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2016 boma lidayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme yolimbikitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Kuwerenga ndiye maziko a kulemba, pakuti mwana amatola mawu ndi kapangidwe ka ziganizo m'zimene amawerenga. Komabe kuwerenga pakokha sikukwanira ngati mwanayo sapatsidwa mpata wolemba.

Apa ndi pamene akuluakulu a zamaphunziro m'maboma ndi alangizi a m'mazoni ali ndi udindo. Poyendera sukulu, ndi bwino kutsegula makope a ana ndi kuona kuti ndi ndime zingati zomwe mwana wapeka yekha pa teremu, ndiponso ngati adapatsidwa mpata wozikonza. Makhonsolo ndi makomiti a sukulu nawonso aonetsetse kuti makope, zolembera ndi mabuku owerenga zilipo zokwanira, chifukwa mwana wopanda kope alibe poyesera luso limeneli.