Kodi mumadziwa? Dimba la aliyense ku Todmorden

M'tauni ya Todmorden, kumpoto kwa England, ndiwo zamasamba zimalimidwa m'mbali mwa misewu, pasiteshoni ya sitima, ngakhale kutsogolo kwa polisi, ndipo wodutsa aliyense amathyola osalipira. Ntchitoyi, yotchedwa Incredible Edible, anaiyambitsa mu 2008 ndi amayi awiri, Pam Warhurst ndi Mary Clear, pamodzi ndi anzawo. Olimawo ndi anthu ongodzipereka.

Kumeneko chilimwe chimayamba mu Juni. Meyi akamatha, chisanu chimakhala chitaleka kupha mbewu, ndiye ntchito imachuluka: kuwokera, kupalira, kuthirira. Makolo amabwera ndi ana awo, ndipo n'zokondweretsa kuti mwana wokulira m'tauni amaphunzira kubzala nyemba ndi manja ake. Matauni ena ambiri, ku Britain ndi kunja komwe, atengera chitsanzochi.