Malipiro akatsalira kunja: mmene wophunzira ntchito angalondolere ndalama zake

Pa 25 Novembala 2023, achinyamata 221 a dziko lino adakwera ndege ulendo wa ku Israel kukagwira ntchito m'minda. Alimi a kumeneko adali atasowa antchito chifukwa nkhondo yomwe idabuka pa 7 Okutobala chaka chomwecho idathawitsa anthu ambiri a ku Thailand, ndipo anthu a ku Palestine adawatsekera zipata. Izi zisadachitike n'komwe, ophunzira zaulimi, kuphatikizapo a ku LUANAR, adali akupita kale m'dzikolo kukaphunzira ntchito kwa miyezi 11, ndondomeko imene ambiri amaitcha intanishipi.

Sipadatenge nthawi kuti madandaulo ayambe kumveka. Ena mwa omwe adapita adauza atolankhani kuti ndalama zomwe ankalandira zidali zochepa poyerekeza ndi zomwe adalonjezedwa. Mu Meyi 2024, dziko la Israel lidabweza Amalawi 12 omwe adachoka m'minda n'kukapezeka akugwira ntchito pamalo ophikira buledi.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja a m'dera la Mfumu Yaikulu Nthache m'boma la Mwanza monga momwe ikukhudzira wina aliyense. Mwana akapeza mwayi wopita kunja, banja limagulitsa mbuzi kapena manachesi a chaka chonse, mwinanso kutenga ngongole kubanki m'khonde, kuti papezeke ndalama ya pasipoti, ya kuchipatala ndi ya ulendo. Malipiro akatsalira kunjako, ngongole ija imatsala pakhomo. Ndalama zoterozo zimatheka kulondoleka, koma lamulo lomwe limagwira ntchito ndi la dziko lomwe munthu adagwirako ntchito, ndipo mlandu wake umalimba kapena kufooka malinga ndi mapepala omwe mwini wake adasunga asadakwere ndege yobwerera.

Dzina loti wophunzira silifafaniza malipiro

Ambiri amataya mtima akauzidwa kuti iwo ndi ophunzira chabe, kotero alibe choti anganene. M'ndondomeko za ku Israel, wophunzira amakhala m'kalasi tsiku limodzi pasabata, ndipo masiku otsalawo amakhala m'munda kapena mosankhira zokolola, kugwira ntchito yofanana ndi ya wina aliyense. Maola a ntchitowo amayenera kulipiridwa motsata malamulo a ntchito a dzikolo. Bungwe loteteza ufulu wa antchito la Kav LaOved, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1991, lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti ophunzira ochokera ku Africa ndi ku Asia amagwiritsidwa ntchito ngati antchito wamba.

Malamulo a Israel amateteza wantchito wobwera mofanana ndi nzika. Kuyambira pa 1 Epulo 2024, malipiro otsikitsitsa adali mashekele 5,880.02 pamwezi, ndipo pa 1 Epulo 2025 adakwera kufika pa mashekele 6,247.67. Ndalamayi ndi ya maola 182 pamwezi, kapena kuti maola 42 pasabata. Munthu akapitirira maola a tsiku, maola awiri oyamba amalipiridwa moonjezerapo 25 peresenti, ndipo otsatirawo moonjezerapo 50 peresenti. Lamulo loteteza malipiro la 1958 limati malipiro a mwezi afike kwa wantchito pasadadutse pa 9 mwezi wotsatira, ndipo akachedwa khoti likhoza kulamula chipukuta misozi.

Lamulo la antchito obwera la 1991 limalamula wolemba ntchito kupereka kontrakiti yolembedwa m'chinenero chomwe wantchito amamva, inshuwalansi ya zaumoyo komanso malo ogona oyenera. Wolemba ntchito amaloledwa kudula kangachepe ka nyumba ndi inshuwalansi, koma zodula zamtunduwu pamodzi ndi ngongole siziyenera kupitirira 25 peresenti ya malipiro a mwezi. Kulanda pasipoti ya wantchito ndi mlandu wa upandu.

Kuwerengetsa ngongole

Woweruza kapena mkulu wa zantchito samva dandaulo longoti "adandibera". Amafuna chiwerengero. Tiyerekeze kuti mnyamata adagwira maola 182 mwezi uliwonse kwa miyezi 11 kuyambira Epulo 2025, koma pepala lake la malipiro likuonetsa mashekele 4,500 asadadule msonkho ndi zina. Mwezi uliwonse adaperewera mashekele 1,747.67, ndipo pa miyezi 11 ndalamayo ikukwana mashekele 19,224.37, omwe ndi mamiliyoni angapo a kwacha. Apa sitidaphatikizepo maola oonjezera, ntchito ya pa tsiku lopuma, ngakhalenso masiku a tchuthi omwe sadatenge, amene amayenera kulipiridwa ntchito ikatha.

Wophunzira aonetsetsenso fizi ya sukulu. Ndalama yomwe ikudulidwa kapena kulipiridwa kusukulu ifanane ndi yomwe idalembedwa m'kontrakiti, ndipo pakhale lisiti.

Mapepala oyenera kusunga

Choyamba ndi kontrakiti, ya ku Malawi ndi ya kunja yomwe, ngati zilipo ziwiri. Chachiwiri ndi mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, omwe wolemba ntchito ku Israel amakakamizidwa ndi lamulo kupereka. Chachitatu ndi chikalata cha kubanki choonetsa ndalama zomwe zidalowadi. Chachinayi, chomwe ambiri amachinyozera, ndi kabuku kolembamo nthawi yoyambira ndi yowerukira tsiku lililonse. Kabukuka n'kamtengo wapatali chifukwa lamulo la kumeneko limati wolemba ntchito azisunga kaundula wa maola, ndipo akalephera kumuonetsa m'khoti pa mkangano wa maola oonjezera, udindo wotsimikiza kuti wantchito sadagwire maolawo umagwera iyeyo, mpaka pa maola 60 pamwezi.

Lembaninso dzina lenileni la mwini munda kapena kampani monga lilili pa pepala la malipiro, dzina la mudzi womwe mundawo uli, ndi manambala a foni a anzanu omwe angachitire umboni. Mauthenga a pa WhatsApp pakati pa inu ndi kapitawo kapena wothandizira ulendo musawafute. Jambulani zonsezi ndi foni n'kutumiza kwa mbale wodalirika kumudzi, chifukwa foni imatayika ndipo munthu wobwezedwa mwadzidzidzi sapatsidwa mpata wolongedza.

Chenjezo lalikulu lili pa tsiku lonyamuka. Ena amapatsidwa pepala lolembedwa m'Chihebri kuti asayine asadalandire ndalama zomaliza, ndipo pepalalo limati walandira zonse, alibenso dandaulo. Safunsa adadya phula. Musasayine chomwe simudamve, ndipo funsani kuti akupatseni kope lake.

Yambani mukadali komweko

Sitepe yoyamba ndi kulembera wolemba ntchito kalata kapena uthenga wotchula miyezi, maola ndi ndalama zomwe mukufuna, komanso tsiku loti akhale atalipira. Wophunzira atumizenso kope kwa oyang'anira sukulu yomwe idamutengera kumundako.

Zikakanika, dandaulo lipite ku unduna wa zantchito wa Israel, komwe kuli ofesi yapadera yoona za ufulu wa antchito obwera komanso nthambi yofufuza olemba ntchito ophwanya malamulo. A Kav LaOved amathandiza kuwerengetsa ndalama ndi kulemba makalata okakamiza. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tel Aviv, yomwe idatsegulidwa pa 18 Epulo 2024 ndi Nancy Tembo, yemwe adali nduna yoona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena, iyeneranso kudziwitsidwa molemba. Nthawi yomweyo maboma awiriwa adasayinirana mgwirizano wotumiza antchito, kotero boma lili ndi poyambira pofunsa za nzika zake.

Pomaliza pali khoti la zantchito. Makhotiwa ali m'zigawo zisanu za dzikolo, ndipo lalikulu lomva apilo lili ku Jerusalem. Mlandu wa malipiro ukhoza kutengeredwa kukhoti mpaka zaka 7 kuchokera pomwe ndalamayo imayenera kulipiridwa, koma zina zimatha msanga: ndalama za tchuthi ndi zaka 3, ndipo chipukuta misozi cha kuchedwa kwa malipiro nthawi zambiri sichipitirira chaka chimodzi. Munthu amene wabwerera kale kumudzi akhoza kusumabe kudzera mwa loya wa kumeneko atamupatsa chikalata cha mphamvu yomuimira. Njirayi imavutirapo, chifukwa khoti likhoza kulamula wodandaula yemwe sakhala m'dzikolo kuti ayambe waika ndalama ya chikole. N'chifukwa chake kuli bwino kuonana ndi loya kapena bungwe lothandiza tsiku la ulendo lisadafike, ndi kugwirizana molemba za gawo lomwe loyayo adzatenge.

Kuthawa pamunda si njira yolondolera ndalama. Chiphaso cha ntchito ya ulimi sichilola munthu kukagwira ntchito kubekale kapena kumalo omanga nyumba, ndipo izi ndi zomwe zidabweza anthu 12 aja. Wantchito wa zaulimi amaloledwa kusamukira kumunda wina potsata ndondomeko yake, pomwe wophunzira ayenera kufunsa kaye chifukwa chiphaso chake chimayendera limodzi ndi sukulu. Komabe, ngakhale munthu wobwezedwa sataya ufulu wolandira malipiro a ntchito yomwe adagwira kale.

Zomwe maofesi a kuno angachite

Wobwerera ku Nthache ayambire kuofesi ya zantchito ya pa boma ku Mwanza, atanyamula makope a mapepala ake onse. Mkulu wa zantchito alibe mphamvu yolamula mlimi wa ku Israel kuti alipire, koma akhoza kulemba dandaulo n'kulitumiza kuunduna ku Lilongwe, komanso kuitanitsa kampani ya kuno yomwe idakonza ulendo. Khoti la Industrial Relations Court, lomwe lapafupi ndi Mwanza lili ku Blantyre, limaweruza mikangano ya ntchito ya m'dziko muno, choncho limathandiza makamaka pomwe kontrakiti idasayinidwa ndi kampani ya ku Malawi.

Ngati wothandizira ulendo adalandira ndalama koma sadachite zomwe adalonjeza, imeneyo ndi ngongole yomwe ingasumiridwe kukhoti, ndipo nthawi yosumira mlandu wa kontrakiti kuno ndi zaka 6. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Pomwe padali chinyengo, kulandidwa pasipoti kapena kukakamizidwa ntchito, nkhaniyo ndi ya apolisi pansi pa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015. Anthu omwe adagwira kwa bwana mmodzi akadandaula pamodzi, umboni wawo umalimbitsana ndipo ndalama ya loya imapepuka.

Nanga omwe ali ku Joni?

Achinyamata ambiri a ku Mwanza sadikira ndege. Amadutsa pachipata cha Mwanza kulowa ku Zobue, kudzera ku Tete ndi Zimbabwe mpaka ku South Africa, komwe ena amayamba ntchito m'magalaja ndi m'malesitilanti powauza kuti akuphunzira kaye. Kumeneko bungwe la CCMA limamva madandaulo kwaulere, ndipo kuyambira mu Januwale 2019 lili ndi mphamvu yomva milandu ya malipiro osaperekedwa kwa antchito olandira zochepa. Malipiro otsikitsitsa adakwera kufika pa R28.79 pa ola kuyambira pa 1 Malichi 2025. Mu 2008, khoti la zantchito la dzikolo, pa mlandu wa Discovery Health, lidagamula kuti munthu wobwera yemwe alibe chiphaso chogwirira ntchito amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito. Ngongole ya malipiro kumeneko imafa pakatha zaka 3.

Phunziro la Theba

Amalawi adaona kale kuwawa kolondola ndalama zotsalira kunja. Abambo masauzande ambiri adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Theba. Maulendowo adaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu ambiri ochokera kumigodi, adayambanso mu 1977, kenako adatheratu mu 1988. Patapita zaka zoposa 30, ambiri mwa iwo ndi amasiye awo adali akuyendabe m'maofesi a zantchito kulondola ndalama zawo, ndipo chomwe ankafunsidwa choyamba chidali nambala ya ntchito ndi mapepala a kumgodi. Omwe adataya mapepalawo ndiwo adavutika koposa.

Makolo a ku Nthache omwe ana awo akukonzekera ulendo achite zinthu zitatu mwana asadanyamuke: aone kontrakiti ndi maso awo n'kusunga kope, afunse kuofesi ya zantchito ngati kampani yokonza ulendoyo ikudziwika ku boma, ndipo atenge lisiti pa ndalama iliyonse yomwe apereka. Mwana akafika, azitumiza chithunzi cha pepala la malipiro mwezi uliwonse monga momwe amatumizira ndalama. Kusiyana kukaoneka pa mwezi woyamba, dandaulo liyambe pomwepo.