Kyuteksi Wonyezimira ndi Wudhu: Zimene Tidaona ku Nchalo

Titatsika mapiri ochokera ku Blantyre, tidadutsa pa Thabwa, n'kuoloka Shire, mpaka kukafika ku Nchalo, kudera la minda ya nzimbe, kumene mwana wathu wa ku Mangochi adakwatiwa. Tidampeza ali bwino, Alhamdulillah. Koma potilandira katundu, maso a mayi ake aang'ono adagwera pa zikhadabo zake. Zinali zobiriwira, koma akapendeketsa dzanja zinkasanduka zofiirira ngati khosi la nkhunda.

Ameneyu ndi kyuteksi wa tizidutswa tonyezimira amene atsikana akumukonda masiku ano. Palibe matsenga. M'botolomo muli tizidutswa topyapyala ta pulasitiki kapena ta mwala wa mica, tokutidwa ndi timiyalo topyapyala kwambiri. Kuwala kukagunda timiyaloti kumabwerera mosiyanasiyana malinga ndi mbali imene mwaima, monga amachitira mafuta a galimoto akatayikira m'chithaphwi. Akauma, kyuteksiyu amasiya kachikopa kolimba kamene madzi sadutsa.

Apa ndi pamene pali nkhani. Mu Surat Al-Maidah, ndime 6, Allah akutilamula kusambitsa manja mpaka m'zigongono tisanaswali, ndipo chikhadabo ndi gawo la dzanja. Mashehe amagwirizana kuti chinthu chotchinga madzi chimalepheretsa wudhu, ndipo popanda wudhu palibe Swala. Mwana wathuyo adatiuza kuti wakhala akuswali masiku anayi kyuteksiyo ali pomwepo.

"Ndimayesa bola ndasamba m'manja, amayi," adatero akuyang'ana pansi.

Sitidamkalipire. Kwathu kunyanja mtsikana amakulira pakati pa madrasa, azakhali ndi anansi omukumbutsa. Kuchigwa kuno Asilamu ndi ochepa, ndipo anzake amene amapita nawo kumsika sadziwa za wudhu. Shehe wa pamzikiti wapafupi adamulangiza kuchotsa kyuteksiyo ndi kubweza Swala za masiku anayiwo.

Kuchotsako kudali ntchito. Kyuteksi wamba amachoka msanga ndi mankhwala a acetone, koma tizidutswa tonyezimirati timakanirira. Pamafunika kunyowetsa thonje ndi mankhwalawo, kuliika pa chikhadabo kwa mphindi zingapo, kenaka n'kuyang'anitsitsa m'mbali kuti pasatsale kanthu. Kupala ndi lezala kumangoononga chikhadabo.

Chisilamu sichiletsa mkazi kudzikongoletsa pakhomo pa mwamuna wake. Amene wapaka kyuteksi ali ndi wudhu angathe kuswali mpaka wudhuwo utaonongeka. Amene ali kumwezi angapake, koma achotse asanasambe ghusl. Hina alibe vuto limeneli, chifukwa amangosiya mtundu, madzi n'kumafika pa chikhadabo. Wina amagulitsidwa ndi mawu akuti amalola madzi kudutsa, koma maulama ambiri akuti tisadalire zolembedwa pa botolo.

Makolo, pamene tikulongeza mbale ndi zitenje za mwana wopita kubanja kutali, tisaiwale kumuuzanso zazing'ono ngati zimenezi. Ife pobwerera tidamsiyira paketi ya hina.