Ndalama za boma zothandiza anthu aulumali: zimadzera kuti, nanga mungazipeze bwanji?

Kalembera wa chaka cha 2017 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu aulumali 727,620, kutanthauza anthu osakwana atatu mwa anthu 100 alionse. Mabungwe a anthu aulumali akhala akunena kuti chiwerengerochi nchochepa, chifukwa bungwe loona za umoyo padziko lonse la OMS limati anthu pafupifupi 16 mwa 100 alionse ali ndi ulumali wina wake. Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, chifukwa boma limagawa thandizo potsata maina olembedwa. Munthu amene sanalembedwe paliponse ndalama zimamudutsa, ngakhale vuto lake litakula bwanji.

Zimene lamulo likunena

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 37, amati nzika yaulumali ili ndi ufulu wonse ngati nzika ina iliyonse, ndipo ndime 125 imapatsa banja, anthu a m'dera ndi boma udindo woiteteza. Mu 2012 Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Pa 7 Juni 2024 panatuluka lamulo nambala 10/2024 loteteza ndi kukweza ufulu wa anthu aulumali, lomwe limaletsa kuwasala. Choncho thandizo limene tikunenali ndi udindo wa boma, ndipo wolipempha asachite manyazi.

Ndalamazi sizili m'thumba limodzi. Zimadzera njira zinayi, ndipo iliyonse ili ndi ofesi yake.

Njira yoyamba: ndalama ya pakhomo

Iyi ndi ndalama ya Subsídio Social Básico, imene amapereka a INAS, nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ovutika. Imapita kwa mabanja osauka amene alibe mphamvu zogwirira ntchito: okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, anthu aulumali, ndi odwala matenda okhalitsa. Pa mlingo umene unakhazikitsidwa mu 2018, munthu wokhala yekha amalandira mameticais 540 pamwezi, ndipo ndalamayi imakwera malinga ndi kukula kwa banja mpaka 1,000 pa banja la anthu asanu kapena kuposerapo.

Ndalamayi ndi yochepa, siikwana ngakhale thumba limodzi la feteleza, komanso nthawi zambiri imachedwa miyezi ingapo. Komabe imagula sopo, mchere ndi mafuta, kapena kulipira njinga yopita kuchipatala. Kuti mulembetse, kaonaneni ndi permanente wa INAS wa m'dera lanu, ndiye munthu amene anasankhidwa kulumikiza mudzi ndi ofesi. Ngati simukumudziwa, funsani kwa a mfumu kapena ku ofesi ya SDSMAS, yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu pa boma lanu. Wolembetsa chifukwa cha ulumali amafunika kuyezedwa kuchipatala cha boma kuti pakhale pepala lotsimikiza. Kukhala ndi ulumali pakokha sikukwanira, a INAS amaonanso umphawi wa pakhomopo.

Njira yachiwiri: zipangizo

A INAS ali ndi ndondomeko ina yotchedwa Apoio Social Directo. Iyi sipereka ndalama ya mwezi ndi mwezi, koma katundu, monga chakudya pa nthawi ya vuto ndi zipangizo zothandiza munthu kuyenda, monga njinga ya anthu aulumali ndi ndodo zoyendera. Zipangizozi zimabwera zochepa poyerekeza ndi ozifuna, choncho amayamba kulandira ndi amene maina awo ali kale m'kaundula. Musadikire kumva kuti njinga zafika ku Ulónguè kapena ku Furancungo ndiye muthamange. Lembetsani lero, ndipo muzipita kukakumbutsa.

Polandira njinga onetsetsani kuti ikugwirizana ndi msinkhu wa munthuyo. Njinga ya wamkulu ikapatsidwa kwa mwana imamupweteka msana ndi kumutulutsa zilonda. Kumadera a mapiri ndi matope ngati ku Tsangano ndi ku Dómuè, funsani ngati ilipo ya matayala olimba, okonzeka ndi wokonza njinga wa pamsika.

Njira yachitatu: ndalama zomangira ndi za sukulu

Lamulo la nduna nambala 53/2008 limati nyumba zimene anthu onse amagwiritsa ntchito, monga sukulu, zipatala ndi maofesi, zimangidwe moti munthu woyenda movutika athe kulowa. Apa ndi pamene pamafunika rampa, njira yotsetsereka pang'onopang'ono m'malo mwa masitepe, khomo lotakata, ndi chimbudzi choti njinga ilowe. Rampa yotsetsereka kwambiri ndi kutaya simenti chabe, chifukwa munthu sangaikwere yekha. Yotsika mtengo ndi imene yaikidwa pamene nyumba ikumangidwa, kusiyana ndi kudzagumula pambuyo.

Zomangamanga za boma laling'ono zimalembedwa m'dongosolo la pachaka lotchedwa PESOD, ndipo maganizo a anthu amalowamo kudzera m'makhonsolo aupangiri, ma Conselho Consultivo, a pa localidade, pa posto ndi pa distrito. Ngati m'khonsolo mulibe munthu waulumali kapena kholo la mwana waulumali, nkhani ya rampa ndi mjigo wofikirika siitchulidwa.

Sukulu za pulayimale za boma zimalandiranso ndalama yotchedwa ADE, yogulira zipangizo ndi kukonza zinthu zing'onozing'ono, ndipo Conselho de Escola imakhala ndi mawu pa kagwiritsidwe kake. Kholo lili ndi ufulu wofunsa pamsonkhano kuti mwana wosayenda bwino, wosaona bwino kapena wosamva waganiziridwa bwanji. Zina sizifuna ndalama nkomwe: kalasi yake ikhale yopanda masitepe, ndipo mwanayo akhale kutsogolo. Ku Tete kulinso limodzi mwa malo atatu a boma otchedwa CREI, othandiza pa maphunziro a ana aulumali. Ena awiriwo ali ku Nampula ndi ku Gaza.

Njira yachinayi: ndalama za magulu

Ndalama zophunzitsira anthu za ufulu wa anthu aulumali, monga misonkhano ya m'midzi, masewero, mapologalamu a pawailesi ndi maphunziro a chinenero chamanja, kawirikawiri siziperekedwa kwa munthu mmodzi. Boma ndi mabungwe ogwira nalo ntchito amazipereka kwa gulu lovomerezeka, ndipo nthawi zambiri magulu amapikisana polemba zimene akufuna kuchita.

Alimi ali ndi njira yachidule. Lamulo nambala 2/2006 limalola gulu la alimi la anthu osachepera 10 kuvomerezedwa pa boma lawo kapena pa posto pomwepo, osapita ku Maputo. Gulu lifunika malamulo ake olembedwa, atsogoleri osankhidwa, nambala ya NUIT ndi akaunti ya kubanki. Likhozanso kulumikizana ndi mabungwe akale monga ADEMO, ACAMO ya osaona, ASUMO ya osamva, ndi FAMOD, yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali m'dziko muno.

Pempho labwino limatchula zinthu zooneka: sukulu yake iti, ana angati, chidzasinthe nchiyani, ndalama zingati. Gulu limene likuti likufuna kuyendera midzi 10 ndi kuthandiza ana osapita kusukulu kuti alembetse limamveka kuposa longoti likufuna kudziwitsa anthu. Anthu aulumali eni ake akhale pa utsogoleri, osati kungoitanidwa tsiku lojambula zithunzi. Sungani lisiti ya chilichonse, chifukwa gulu lolephera kufotokoza ndalama zoyamba silipatsidwa zachiwiri.

Musanasaine, funsani ngati ndalamayo ndi thandizo kapena ngongole. Ambiri akukumbukira ndalama zija za sete milhões, zimene zinayamba mu 2006 pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza. Zinali zoti zibwezedwe, koma ambiri anazitenga ngati mphatso.

Vuto la m'malire: mapepala

Kuno kumalire mabanja ali mbali zonse ziwiri. Ena anabadwira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ena amabereka kapena kulandira mankhwala ku Dedza ndi ku Ntcheu chifukwa ndi kufupi. Koma thandizo la INAS ndi la nzika za Mozambique zokhala m'dera limene zikulembetsa. Buku la kuchipatala la ku Malawi lingathandize dokotala kudziwa mbiri ya matenda, koma silingalowe m'malo mwa cédula kapena BI. Mwana waulumali alembetsedwe ku Registo Civil ngati ana ena onse, ndipo wamkulu wopanda pepala apite kukafunsa njira yolembetsera mochedwa.

Chenjerani ndi akuba

Kulembetsa ku INAS ndi kwaulere. Aliyense wokuuzani kuti mupereke ndalama, nkhuku kapena ndowa ya chimanga kuti dzina lilowe akukuberani. Musapereke nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu woimba foni ponena kuti ndi wa boma. Ngati wachibale akulandirira munthu wosatha kuyenda, ndalamayo ndi ya mwini wake, ndipo a mfumu ndi permanente ayenera kudziwa ngati sikufika. Madandaulo kaperekeni ku SDSMAS kapena ku ofesi ya INAS.

Pa 3 Disembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira anthu aulumali. Tsikuli lisanafike, mudzi uliwonse ungachite chinthu chimodzi chosafuna ndalama: a mfumu, permanente ndi mabanja akhale pansi, alembe maina a anthu onse aulumali a m'mudzimo, aone amene alibe mapepala ndi ana amene sali pasukulu, kenako apite ndi mndandandawo ku SDSMAS.