Kodi mumadziwa?

Woimba rap wa ku Melbourne, m'dziko la Australia, amene amadziwika kuti 360, dzina lake lenileni ndi Matt Colwell. Anatchuka kwambiri ndi battle rap, mpikisano womwe oimba awiri amaima maso ndi maso n'kumanyozana mwaluso, kawirikawiri popanda zoimbira, khamu la anthu likukuwira. Mawu ake si oti n'kumvera muli ndi apongozi!

Mu Disembala 2011 analimbana ndi Kerser wa ku Sydney, ndipo kanema wa mpikisanowo waonedwa kambirimbiri pa YouTube. Chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha Falling & Flying, momwe muli nyimbo ya Boys Like You yomwe anaimba ndi Gossling. Chimbalechi chinamupezetsa mphotho ya ARIA mu 2012.